Lichinga, Matama ndi sukulu imene sinamangidwebe

Akuluakulu a ku Lichinga akamakumbukira za anthu a ku China, nkhani yawo siyambira pa masitolo a ziwiya zapulasitiki kapena pa makampani omanga misewu amene tikuwaona masiku ano. Imayambira ku Matama, munda waukulu wa boma umene unali kunja pang'ono kwa mzindawu. Ufulu utabwera mu 1975, boma la Samora Machel linatsegula minda ikuluikulu m'zigawo zosiyanasiyana za Mozambique, ndipo ku Matama, pa malo a mahekitala pafupifupi 3,000, kunafika akatswiri a zaulimi ochokera ku China. Kwa anthu ozolowera khasu ndi timashamba ta m'mbali mwa phiri, zinali zoti n'kuima n'kumaonerera: mathirakitala akutembenuza dothi lofiira la kuno, mizere ya chimanga yofika kumene maso amalekezera, matumba a feteleza ataunjikidwa m'nyumba zosungiramo katundu. Anyamata anaphunzira kuyendetsa thirakitala ndi kuthira feteleza pa muyezo wake. Koma kapangidwe ka fetelezayo, kuti timibulu toyerato timachokera kuti ndipo amatipanga ndi chiyani, sikanali m'gulu la zophunzitsidwa. Thumba linkafika losoka, n'kutha, anthu n'kudikira lina.

Chigawo cha Niassa chakhala choncho kwa nthawi yaitali. Chinapatsidwa sukulu za aphunzitsi, za alimi, za osamala nkhalango, ndipo zonsezo n'zofunika. Luso limene lakhala likuchilambalala ndi losandutsa mwala kukhala simenti, mpweya kukhala feteleza, njere za thonje kukhala mafuta ndi sopo, ndiye kuti uinjiniya wa kemisitiri.

Sikuti anthu a kuno anali mbuli pa nkhani yosandutsa zinthu. Mpwitikizi asanaponde mapiri ano, Ayao anali ndi osula awo, Achisi, amene ankatola miyala ya chitsulo n'kuiwotcha m'ng'anjo ndi makala, akupemerera ndi mvukuto, mpaka chitsulo chitalekana ndi zinyalala zake. Wansembe wachiyao Yohana Abdallah, amene anatumikira ku Unango, analemba m'buku lake la 1919, Chiikala cha Wayao, za mmene makasu a osulawo anayambitsira maulendo amalonda amene pamapeto pake anakafika kunyanja yamchere. Ife a kunyanja, kuyambira ku Meponda mpaka ku Metangula ndi Cóbuè, tinakulira kondowole. Mayi aliyense ankadziwa kuti chinangwa chowawa chimapha ukachidya chosaviika, ndipo ankadziwa masiku ochisiya m'madzi, fungo losonyeza kuti chafewa, ndi kayanikidwe kake. Chimene amachotsa m'chinangwamo ndi poizoni wotchedwa cyanide. Chidulo cha thelere ndi madzi osefedwa m'phulusa. Wotcheza kachasu amadziwa kusunga moto kuti usakule, kuziziritsa nthunzi mu paipi yodutsa m'madzi, ndi kulekanitsa mutu wa kachasu ndi zotsalira zosalimba. Ntchito imene imachitika m'nsanja zazitali za fakitale yoyenga mafuta a galimoto maziko ake ndi omwewo: kutenthetsa, kugwira nthunzi, kuiziziritsa. Nzeru zimenezi zinalipo, kungoti palibe sukulu imene inazitola n'kuziika pa sikelo, kuziwerengera ndi kuzikulitsa.

Sukulu zoyamba zinafika ndi mpingo, ndipo zinadzera panyanja. Amishoni a Anglican a UMCA, amene likulu lawo linali pa chilumba cha Likoma, anatsegula sukulu m'midzi ya gombe lakum'mawa. William Percival Johnson anayenda gombe limeneli zaka zambirimbiri. Ku Cóbuè kunakhazikitsidwa St Michael's College yophunzitsa aphunzitsi, isanasamukire ku Likoma, ndipo sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inkagwiranso ntchito ngati kalasi yoyandama. Mishoni ya Messumba inatulutsa anthu odziwa kulemba Chinyanja bwino lomwe, aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki. Kumtunda kuno, ansembe a Consolata anakhazika mishoni ya Massangulo mu 1928, ndipo inatchuka chifukwa chophunzitsa ntchito zamanja monga ukalipentala ndi kumanga. Nthawi yonseyi boma lenilenilo kunalibe. Dera lonse la kumpoto linali m'manja mwa Companhia do Niassa, kampani imene inkadziwika ndi msonkho ndi chibalo, ndipo pamene pangano lake linkatha mu 1929 inasiya dziko lopanda misewu yooneka ndi lopanda sukulu zoti n'kuloza.

Mzinda wathu unabadwa pambuyo pa zimenezi. Mu 1931 Apwitikizi anasankha malo okwera mamita oposa 1,300, ozizira, opanda udzudzu wambiri ngati wa kunyanja, n'kuwatcha Vila Cabral polemekeza José Cabral, bwanamkubwa wa Mozambique pa nthawiyo. Anajambula misewu yotakata, anadzala mitengo ya paini imene mpaka lero imauzinga mzindawu, anamanga maofesi a boma. Unali mzinda wa olamulira ndi asilikali. Mwana wa munthu wakuda ankapatsidwa maphunziro a m'munsi okhaokha, amene boma linawasiya m'manja mwa mamishoni a Katolika kuyambira mu 1941: katekisimu, Chipwitikizi pang'ono, kuwerengera pang'ono, kenako kumunda wa thonje umene boma linkakakamiza anthu kulima. Thonjelo linkapita ku Portugal kukawombedwa nsalu, nsaluyo n'kubwerera kudzagulitsidwa kwa yemwe analima uja.

Chaka cha 1962 n'chofunika kuchiyang'anitsitsa. Pa 23 Seputembala chaka chimenecho Vila Cabral inakwezedwa kukhala mzinda. M'chaka chomwecho Apwitikizi anatsegula sukulu yoyamba yaukachenjede m'dziko muno, Estudos Gerais Universitários de Moçambique, ku Lourenço Marques, kum'mwera kwenikweni kwa dziko. Imeneyi ndi imene inadzakhala Universidade Eduardo Mondlane mu 1976, ndipo kumeneko n'kumene uinjiniya wa kemisitiri unazika mizu. Koma zitseko zake zinali za ana a atsamunda. Pofika nthawi ya ufulu, ophunzira akuda a ku Mozambique pa yunivesiteyo anali pafupifupi 40 okha mwa ophunzira oposa 2,000, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 90 pa 100 alionse sankatha kulemba ndi kuwerenga. Mwana wa ku Niassa akanadzera pati? Ambiri mwa ophunzira anzeru a kunyanja analowera kwina. Paulo Samuel Kankhomba wa ku Cóbuè, amene dzina lake lili pa sukulu ya sekondale ku Lichinga, analowa m'nkhondo ya ufulu ndipo anaphedwa mu 1968, chaka chimene FRELIMO inachita msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje, m'nkhalango za Niassa momwemuno. Njanji yochokera ku Nacala kudzera ku Nova Freixo, imene lero ndi Cuamba, inafika ku Vila Cabral mu 1969, nkhondo ili mkati.

Tsopano tiyeni tione kumene alendo a ku Matama aja ankachokera, chifukwa dziko lawo linali litayenda njira ina m'zaka zomwezo.

China wa 1949 anali dziko la alimi osauka, lodziwa njala. Mu 1952 boma lake linakonzanso mayunivesite onse, n'kuika mtima pa sukulu za uinjiniya. Ku Shanghai anachotsa nthambi za kemisitiri ya m'mafakitale m'mayunivesite asanu, n'kuziphatikiza kukhala sukulu imodzi, East China Institute of Chemical Technology, imene kuyambira mu 1993 imatchedwa East China University of Science and Technology. Mu 1958 anatsegula ina ku likulu, Beijing Institute of Chemical Technology, pansi pa unduna woona za mafakitale a mankhwala, ndipo mu 1994 inasanduka Beijing University of Chemical Technology. Sukulu zimenezi sanazimange podikira kuti dziko liyambe lalemera. Anazimanga pamene mafakitale ambiri anali asanamangidwe, n'cholinga choti pofika tsiku lomanga, oyendetsa akhale alipo kale.

Mmodzi mwa anthu amene anatsogolera ntchitoyi ndi Hou Debang. Anakaphunzira ku America, ku MIT ndi ku Columbia, n'kubwerera kwawo kukagwira ntchito pa fakitale ya Yongli ku Tanggu, pafupi ndi Tianjin, kumene iye ndi anzake anavutika zaka zingapo mpaka anatulukira kapangidwe ka soda wa m'mafakitale, chinsinsi chimene makampani a ku Ulaya ankachibisa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anatsogolera gulu limene linakonza pulani ya fakitale yaing'ono ya feteleza, yoti boma laling'ono n'kuikwanitsa: malasha, madzi ndi mpweya wa m'mlengalenga zimapanga ammonia, ammonia n'kuphatikizidwa ndi mpweya wotuluka m'malasha omwewo, n'kutuluka feteleza wotchedwa ammonium bicarbonate. Feteleza ameneyu sanali wapamwamba. Nayitirojeni wake ndi magawo 17 pa 100, pamene urea ali ndi 46, ndipo thumba likakhala lotsegula mphamvu yake imauluka. Komabe pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 timafakitale totere tinali toposa 1,000, tomwazikana m'maboma a kumidzi, ndipo kalikonse kankafuna mainjiniya ndi amisiri ake. Pamene China ankagula mafakitale 13 akuluakulu a urea kuchokera kumayiko akunja cha m'ma 1973, anali ndi anthu ake oti n'kuwalandira, kuwayendetsa, ndipo pambuyo pake kumanga ena okha. Munthu wa ku China woima m'munda wa Matama anali ndi zaka makumi awiri za sukulu zoterezi kumbuyo kwake. Mnzake wa ku Niassa woima pambali pake analibe sukulu yotere m'chigawo chake chonse.

Boma latsopano linkadziwa za mpata umenewu, koma linali ndi moto wambiri woti lizime. Apwitikizi ambiri ophunzira atachoka, sukulu zinatsala zopanda aphunzitsi. Pa 8 Malichi 1977 Samora Machel anaitanitsa achinyamata a makalasi apamwamba a sekondale n'kuwauza kuti aimike kaye zolinga zawo akatumikire dziko, ambiri ngati aphunzitsi. Ana ena anatumizidwa ku Cuba, ena ku East Germany. Niassa anapatsidwa malo apadera m'maloto a nthawiyo. Mu 1979 Samora analengeza kuti chigawo chino chikhala chitsanzo cha nkhondo yolimbana ndi umphawi, ndipo ku Unango kumangidwa mzinda watsopano. Akatswiri a ku East Germany anabwera kudzatsegula munda waukulu kumeneko. Mu 1983 Operação Produção inasesa anthu zikwizikwi m'misewu ya Maputo ndi Beira, oti ndi malova, n'kuwatsitsa pa bwalo la ndege la Lichinga, ena atavala malaya opyapyala a kunyanja yamchere, m'chisanu cha mwezi wa Julayi. Ambiri anavutika koopsa, ena anafera kuno. Ganizo linali lakuti Niassa akusowa manja. Manja anabweradi, koma chimene chinkasowa kwambiri chinali anthu odziwa ndi zipangizo.

Kenako nkhondo ya pachiweniweni inafika. Pa 6 Disembala 1984 magalimoto a ogwira ntchito ku munda wa Unango anachitidwa chiwembu pa msewu wochokera ku Lichinga, ndipo anthu 8 a ku East Germany anaphedwa pamodzi ndi anzawo a ku Mozambique. Otsala anabwerera kwawo. A ku China nawonso anachoka ku Matama nkhondo itakula, ndipo mathirakitala anachita dzimbiri pomwe anaimira. Amene anakhala mu Lichinga zaka zimenezo amakumbukira mzinda wotsekeka, njanji yosayenda, msewu wa ku Cuamba woopsa, katundu wodalira ndege. Zimene amazitchula kawirikawiri akamafotokoza mavutowo si zazikulu ayi: mchere, sopo, mafuta ophikira, parafini. Anthu ankaika moyo pachiswe kudutsa ku Mandimba kupita ku Chiponde, m'dziko la Malawi, kuti akapeze sopo. Amayi anabwerera ku phulusa ndi mizu yochita thovu. Chigawo cholima thonje, mtedza ndi mpendadzuwa, chokhala ndi nkhuni zosatha, chinalephera kudzipangira sopo, pamene sopo ndi mafuta ndi soda basi. Kwa ine, palibe umboni woposa umenewu wa mtengo wa luso limene tinamanidwa.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo maphunziro aukachenjede anafika ku Niassa pang'onopang'ono. Universidade Católica de Moçambique inatsegula nthambi ya zaulimi ku Cuamba mu 1999, kenako ina yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire ku Lichinga. Universidade Pedagógica inafika mumzindawu cha m'ma 2005, ndipo mu 2019 nthambi yake inalowa mu Universidade Rovuma. Universidade Lúrio, imene inakhazikitsidwa mu 2006 likulu lake lili ku Nampula, inagawa nthambi zake m'zigawo zitatu za kumpoto: zaumoyo ku Nampula, uinjiniya ku Pemba, zaulimi ku Niassa. Nthambi ya zaulimiyo ili ku Unango, m'boma la Sanga, pamalo pomwe loto la Samora linafera, ndipo zimandisangalatsa kuti achinyamata akuphunzira kumeneko. Magetsi a ku Cahora Bassa anafika mu 2005. Njanji ya makilomita 262 yochokera ku Cuamba inakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 2016. Mzinda umene unali ndi anthu pafupifupi 142,000 pa kalembera wa 2007 unali utadutsa 200,000 pa kalembera wa 2017.

Munthu wobadwa m'nthawi ya Vila Cabral sangazichepetse zimenezi. Mwana wa ku Chiuaula lero atha kutenga digiri akugona m'nyumba ya amayi ake. Komabe kagawidwe kaja kakunena zambiri. Okonza mapulani anayang'ana Niassa n'kuona munda ndi nkhalango, ndiye anatipatsa sukulu za munda ndi nkhalango. Fodya wa kuno amakakonzedwa ku Tete. Nyemba ndi mbatata ya kachewere zimatsika phiri zili momwe zachokera kumunda. Dothi lathu lofiira ndi la asidi, limafuna laimu kuti feteleza agwire bwino ntchito, ndipo miyala ya laimu ilipo m'boma la Sanga, koma mlimi wamba sanazolowere kuthira laimu chifukwa sapezeka pafupi pa mtengo woti angakwanitse.

Panopa a ku China abweranso, ndipo ulendo uno sanabwere ndi mathirakitala okha. M'boma la Chimbunila, kufupi ndi Lichinga, mwamangidwa fakitale ya simenti ndi ndalama zochokera ku China, chinthu chimene omanga nyumba kuno, amene akhala akugula simenti modula chifukwa cha kutalika kwa ulendo, anachiyembekeza nthawi yaitali. Ku Nipepe kampani ya DH Mining yaika fakitale yoyeretsa graphite, mwala wakuda umene umafunika m'mabatire a galimoto zamagetsi. Ntchito zonsezi mtima wake ndi kemisitiri. Simenti imayamba ndi mwala wa laimu ndi dongo zowotchedwa mpaka madigiri 1,450, ndipo wina ayenera kuyeza tsiku ndi tsiku ngati zosakanizazo zili pa muyezo. Graphite amamulekanitsa ndi mchenga m'matanki a madzi othiridwa mankhwala ochititsa thovu, ndipo madzi otsalawo ayenera kupita kwinakwake. Funso limene makolo a ku Lichinga ayenera kufunsa ndi lakuti, ana awo adzakhala mbali iti ya fakitale: m'labotale ndi m'chipinda choyendetsera makina, kapena pa geti ndi ponyamula matumba.

Pali chifukwa china, ndipo chimandidetsa nkhawa kuposa cha ntchito. Mafakitale a mankhwala amawononga akapanda owayang'anira. China yemweyo analipira mtengo waukulu: mu Novembala 2005 fakitale ina ku Jilin inaphulika, benzene n'kutayikira mumtsinje wa Songhua, ndipo mzinda wa Harbin, wa anthu mamiliyoni, unakhala masiku angapo mipopi itatsekedwa. Kuno kwathu, okumba golide ku Lupilichi m'boma la Lago akhala akugwiritsa ntchito mercury, amene akalowa m'madzi amakathera m'nsomba, kenako m'thupi la mayi woyembekezera. Nyanja imene boma linaiika pansi pa chitetezo mu 2011 ndi yomweyo imene imadyetsa Metangula, Likoma ndi Nkhotakota. Chigawo chimene chilibe anthu ake otha kutunga madzi mumtsinje, kuwayeza n'kunena molimba mtima zimene apezamo, chimangokhulupirira zonena za mwini fakitale.

Ena adzati chigawo cha anthu osakwana 2 miliyoni pa kalembera wa 2017 sichingasunge sukulu yodula chotere, ndipo n'zoona kuti labotale imadya ndalama. Sitikupempha Beijing University of Chemical Technology yachiwiri. Niassa ndi wamkulu kuposa dziko lonse la Malawi, ali ndi laimu, graphite, golide, malasha ku Maniamba, thonje, soya ndi paini, ndipo chigawo choyandikana nacho, Cabo Delgado, chayamba kugulitsa kunja gasi wa m'dera la Rovuma kuyambira mu 2022, gasi yemwe ndi chiyambi cha urea. Zipangizo zoyambira nthambi imodzi yaing'ono zilipo: mayunivesite atatu ali kale m'chigawo muno, sukulu ya ntchito zamanja ya Ngungunhane ilipo, magetsi alipo, njanji ilipo.

Choncho pempho langa likupita kwa akuluakulu a chigawo ndi a mayunivesite athu. Tsegulani maphunziro a uinjiniya wa kemisitiri ku Lichinga, ngakhale atayamba ndi kalasi imodzi. Kampani iliyonse yopatsidwa chilolezo chokumba kapena kuyenga chuma cha Niassa ilembedwe m'pangano kuti ithandiza kugula zipangizo za labotale, ilandira ophunzira athu m'fakitale yake, ndipo itumiza ena ku Shanghai ndi ku Beijing kukaphunzira kumene mainjiniya ake anaphunzira. Ndipo inu makolo, mwana akamakhoza kemisitiri ku sekondale, wamkazi kapena wamwamuna, musamukankhire ku ntchito ina chifukwa choti sukulu yake ili kutali. Mafakitale afika kale, ndipo akulemba anthu ntchito.